Namwino Wandevu

Zaka zija titangolowa m'ma 2000, ambiri a inu muli kumsana ndipo ena musanabadwe n'komwe, zipatala zathu zinkadzaza mpaka odwala kugona pansi pa mabedi, koma anamwino anali owerengeka ngati mano a nkhalamba. Sunthani benchilo, denga likudontha pamenepo. Mvulayi sikata msanga, ndipo poti mwati mukudikira zotsatira za Fomu 4 osadziwa kolowera, ndikuuzeni za mwana wanga Pasikale, uja amabwera pa Khirisimasi ndi njinga yamoto yofiira ndi fumbi.

Masiku amenewo namwino akangoidziwa ntchito, basi wakwera ndege kukasamala nkhalamba za eni ake kunja, ndipo ena matenda aja anawatenga monga ankatengera wina aliyense. Choncho sukulu za unamwino zinkachita kuitana ana, fizi boma likulipira, osati lero lino kuti mwana amamaliza maphunziro n'kukhala pakhomo kudikira kuti amulembe ntchito. Nthawi imeneyo ntchito ndiyo inkafuna munthu.

Bambo ake a Pasikale anadwala nthawi yaitali m'nyumba mwanga muja mu Zingwangwa. Ine ndinkalawirira kumsika kukagulitsa matemba, ndiye wowasambitsa, wowatembenuza, wowameta ndevu anali mwanayo, akaweruka kusukulu. Titaika maliro, zotsatira zake zinatuluka zabwino, ndipo tsiku lina ndikupeta mpunga anangoti, "Amayi, ine ndikufuna unamwino." Ndinaseka, sindinama. Anamwino aamuna analipo ndithu, koma ife kuno tinali tisanamuonepo ndi maso.

Tsono ife ndife Amang'anja a ku Chikwawa, ndipo kwathu mwana ndi wa atsibweni ake. Mwinimbumba wathu anali achimwene anga a Benedikito, makaniko wa mabasi, ankakhala ku Ndirande, munthu woti akatsokomola panja ana onse zii m'nyumba. Iwo anali atamupezera kale malo pagalaja ya mnzawo. Atamva za unamwino anabwera Lamulungu, tikungochoka ku Misa, anakana ngakhale tiyi.

"Chemwali, wayamba liti misala? Mwamuna wandevu azikataya mikodzo ya anthu? Azikazamba akazi a eni ake? Ntchito ya akazi imeneyo!"

Pasikale anagwada n'kunena kuti, "Atsibweni, bambo anga ndinkawasambitsa ndine."

"Amenewo anali bambo ako. Ukapita kumeneko, ine thupi langa sudzaligwira, ngakhale ndidzawole. Ndalumbira!"

Ana inu, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Ine mtima wanga mumaudziwa, ndinawayankha kuti, "Achimwene, mwanayu ndinamva naye kupweteka ndine, apita." Mkazi kutsutsa mwinimbumba pamaso pa ana, sichinali chinthu chaching'ono ayi. Anatola chipewa chawo n'kutuluka, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhomo panga. Tikakumana pamaliro tinkapatsana moni ngati anthu a mumsika.

Pasikale anapita kusukulu ya mishoni, ndipo akabwera pa holide anzake a pa bawo ankamuitana kuti "Sisitala". Iye ankangoseka, koma ine zinkandibaya. Atamaliza, anzake ambiri anachita zotheka kuti atsale m'tauni, ena analowa m'mabungwe oyenda pa magalimoto oyera aja, koma iye anamutumiza kuchipatala chaching'ono cha kumudzi, kuchigwa komweko, kutsidya kwa mtsinje, kutali ndithu ndi mudzi wathu. Ndinadandaula. Ife tinathawa kutentha ndi udzudzu kubwera kuno, ndiye mwana wophunzira abwererenso komweko?

Nditapita kukamuona ndinadzionera ndekha. Pakhonde la chipatala panali mzere wautali, ndipo ukauyang'ana unali wa nkhalamba ndi tiana basi. Amisinkhu yapakati aja kulibe, ena ali kumanda, ena m'tauni muno, ena ku Joni. Agogo abereka mdzukulu kumsana, iwonso miyendo yatupa, wina BP, wina shuga, wina maso sakuona. Ogwira ntchito anali Pasikale ndi dokotala wamng'ono mmodzi, ndipo mmodzi akapita kumsonkhano winayo ankakhala zonse, wolemba mankhwala yemweyo, wobaya jakisoni yemweyo, mzamba yemweyo. Koma chimene chinandidabwitsa ndi madoda. Ankachokera kutali, kudutsa chipatala china panjira, chifukwa anamva kuti uku kuli namwino wamwamuna. Inu a lero mumavula malaya paliponse, koma mdala wakale sangamasule lamba pamaso pa mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wake. Matenda a kumusi ankangofa nawo m'nyumba, akunamizira kuti awalodza.

Zaka zinapita. Achimwene anapuma ntchito, alamu anga anamwalira, ndipo iwo anabwerera kumudzi kukakhala pafupi ndi mwana wawo wamkazi, Rozina. Tsiku lina m'mawa ndikuyala matemba pabenchi foni inalira. Anali Rozina, akulira.

"Azakhali, bwerani. Abambo mkodzo watseka. Tinawatengera kuchipatala chapafupi pa ngolo, tapeza namwino wake ndi mtsikana, ndiye akana. Akuti bola kufa. Tabwerera nawo kunyumba."

Mtsikanayo sanalakwe kanthu, anawachonderera mpaka kugwada, koma iwo anagwira lamba ndi manja awiri. Ndinasiyira mnzanga matemba, ndinamuimbira Pasikale, n'kukwera minibasi kutsika phiri lokhotakhota la ku Chikwawa, njira yonse ndikuwerenga kolona. Nditafika ndinawapeza pamphasa, thukuta kamukamu, mimba yatupa kumusiku ngati mayi wodwala pakati, akulephera kugona, akulephera kukhala. Munthu uja wotsokomola ana n'kuti zii ankabuula ngati mwana.

Dzuwa litapendeka tinamva njinga yamoto. Pasikale anali atapempha chilolezo kwa dokotala mnzake uja, n'kutenga kachikwama ka zipangizo. Analowa, anagwada pakhomo n'kuti, "Atsibweni, ndabwera. Ndi kapayipi kakang'ono chabe, mupumula pompano."

Achimwene anatembenukira kukhoma. "Ndinalumbira ine. Atuluke ameneyo."

Rozina anayamba kulira mokweza, Pasikale anangowerama, akudziwa bwino kuti mkodzo ukakhalitsa umaononga impso ndipo munthu amapita. Ine zinandikwana. Ndinaimirira n'kumanga chitenje.

"Chabwino achimwene. Mtsikana mwamukana, mwana wa mlongo wanu mwamukana. Rozina, pita ukawauze adzukulu a kumanda akonzeke. Amenewo mawa akuvulani zonse, akusambitsani paliponse, ndipo sadzakupemphani chilolezo. Koma manyazi mwawasunga bwino, tikawaika nawo m'bokosi."

Ndinaopa kuti ndaonjeza. Koma paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Patapita kanthawi tinamva mawu aang'ono, nkhope ikadali kukhoma.

"Akazi nonse tulukani."

Tinakakhala pansi pa mtengo wa nimu, ndipo posakhalitsa tinamva beseni likulira ngati mvula yoyamba padenga la malata, kenako achimwene akuusa moyo, "Eeeh, Ambuye Yesu." Ine ndi Rozina tinayang'anana, kulira kumodzi kuseka kumodzi. M'mawa mwake Pasikale anakonza zoti apite kuchipatala chachikulu, ndipo kumeneko anawathandiza mpaka anayambanso kuyenda ndi kulima.

Mukuganiza kuti anapepesa? Aaa, simukuwadziwa a Benedikito! Sanatchule n'komwe. Koma Rozina ankandiuza kuti akamva mdala mnzawo akuvutika kutaya madzi, ankamukweza pa kabaza okha n'kumuperekeza kutsidya, akumuuza kuti, "Tiyeni kwa mwana wathu, kulibe manyazi kumeneko."

Tsono nane ukalamba unandipeza. Mawondo anayamba kukana chitunda cha kuno, BP inakwera, ndipo ana anga aakazi onse ali kumabanja kutali. Ndinamuuza Pasikale kuti, "Mwanawe, kumudziko wagwira zakwana, pempha transifa ubwere m'tauni. Ukusamala makolo a eni, mayi ako akumwa mankhwala okha." Anavomera, ndipo zinayenda, malo anapezeka pachipatala china konkuno. Ndinasesa chipinda chake, ndinagula ndi makatani atsopano.

Loweruka lina ndikuchapa ndinamva "Odi!" Kutuluka, achimwene, ndodo m'manja, jekete la tchalitchi, fumbi mpaka m'mawondo. Zaka zonse zija osaponda pakhomo panga. Analowa, anakhala pampando, ndipo tiyi uja anamukana kale anamwa makapu awiri. Atatha anaika chipewa pabondo.

"Chemwali, ndamva kuti mwanayu ukumuchotsa."

"Ndakalamba achimwene, ndikufuna wondiyang'anira."

"Iwe kuno chipatala uchita kusankha, minibasi ikudutsa pakhomo. Kwathu kuja akachoka iyeyu, adzatumiza liti wina? Madoda aja akavulira ndani?" Kenako anati, "Tsiku lija ndinalankhula ngati mwinimbumba, unandikana, ndipo unakhoza. Lero sindikulamula. Ndabwera kudzapempha."

Zinandiwawa, ndisakunamizeni, chifukwa mwana ndi wanga ndipo ukalamba wanganso ndi ukalamba. Madzulo ndinamuimbira Pasikale n'kumufunsa kuti mtima wake uli kuti. Anazengereza, kenako anati, "Amayi, ndimangoopa kukukhumudwitsani." Ndinamuuza kuti akhale.

Achimwene anatisiya zaka zingapo pambuyo pake, ndi matenda ena, ndipo masiku awo omaliza sankalola munthu wina kuwasambitsa koma Pasikale. Iye akadali komweko mpaka lero, ndevu zayamba imvi, ndipo mzere wa pakhonde uja sunafupike.

Ndiye inu anyamata, iwe Yohane ndi mnzakoyo amene mukuseka kumbuyoko, zotsatira zikatuluka musamangoyang'ana maofesi a m'tauni. Sindikunamizani kuti ndi ntchito yolemeretsa, ndipo masiku ano kulembedwa kumachedwa, koma kumidzi kuli nkhalamba zambiri zimene ana awo anapita, ndipo zikudikira manja a munthu. Atsikana pitani, anyamata pitaninso, musaope kutchedwa Sisitala. Mvula ija yakata, kazipitani. Koma mmodzi atsale andigwire dzanja potsika chitundachi, poti wanga namwino ndinabwereketsa.