Tsiku limene ndinadzilankhulira pamaso pa bambo

Moni abusa, moni amayi ndi abambo, abale ndi alongo nonse mwa Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Mundikhululukire, ndalemba papepala, chifukwa ndikaima pagulu mawu amandithawa.

Ndine Tereza, uja amabisala kumbuyo kwa kwaya. Bambo anga ndi msodzi kunyanja ya Chiuta. Amayi atamwalira, bambo anandibweretsa kuno ku Insaca kwa mlongo wawo, azakhali anga, kuti ndiphunzire.

Abale, teremu ikatha sukulu inkaitana makolo kukamva manota, zotsatira za mayeso. Azakhali ankapita okha, ine nditabereka mwana wawo kunyumba. Akabwerako ankaimbira bambo foni, ine ndikumva: “Achimwene, mwana wanuyu m'mutu mulibe kanthu. Aphunzitsi akuti akungotha mpando. Mchotseni, azindisenzera katundu wa malonda ku Entre Lagos.”

Mayeso ndinkakhoza, abale, ndinkakhoza ndithu. Koma bambo sawerenga, foni ndi ya azakhali, ndipo ine ndinkaopa kutsutsa wamkulu. Ndinkangolira. Ndinkapemphera, ndipo sindibisa zimene ndinkapempha. Ndinkati, Ambuye, lilime labodzali liume ngati matemba pathandala. Ambuye, manyazi amene andiveka awagwere iwo, pagulu, masana, anthu akuona.

Mwezi wathawu bambo anapalasa njinga kuchokera ku Chiuta kudzandichotsa sukulu. Anandiuza okha kuti, “Mwanawe, walephera, usavutike nazonso.” Tsikulo linali la msonkhano wa makolo, ndiye tinapita atatu kukatsanzika.

Imvani zimene Mulungu anakonza. Aphunzitsi athu atsopano anaima nati, “Chaka chino sindiyamba ndine. Mwana aliyense anena yekha zimene waphunzira ndi zimene zikumuvuta, m'chinenero cha kwawo, kholo lake likumva.”

Azakhali anadzuka msanga. “Purofesora, uyu ndi wamanyazi, salankhula. Ndimulankhulira ine.”

“Khalani pansi, mayi,” anatero aphunzitsi. “Pakamwa ali napo.”

Ndinaimirira. Ndinayang'ana manja a bambo, ong'ambika ndi zingwe za ukonde, ndipo mawu anabwera. Ndinafotokoza zimene tinaphunzira pa sayansi, kuti nsomba imaola chifukwa cha tizilombo tosaoneka timene timakonda chinyezi, ndipo mchere ndi dzuwa zikachotsa madzi tizilomboto sitingakhalemo. Bambo anaweramira kutsogolo. “Nanga zija zimaola m'nyengo ya mvula?” Ndinawayankha. Ndinawerenga ndime ya Chipwitikizi n'kuimasulira. Ndinanenanso chondivuta: ndimafika mochedwa, chifukwa ndimayamba ndatunga madzi ndi kuchapa matewera.

Aphunzitsi anati, “Bambo, mwanayu ali m'gulu la otsogola m'kalasi muno. Aphunzitsi ake akale akuti ankawauza azakhali akewa zomwezi teremu iliyonse.”

Bambo anatembenuka pang'onopang'ono. “Mlongo wanga, tandionetsa. Mpando unatha uja ndi uti?”

Makolo anaseka, abale, anaseka mpaka ena kugwira m'mimba! Azakhali anamasula kapulana, chitenje chawo, namanganso, namasulanso. Lilime lija linauma. Linauma gwa, monga ndinapemphera. Ine wamanyazi ndinawayang'ana m'maso, ndipo anayamba kuwerama ndi iwo.

Bambo sanadye kunyumba kwa azakhali. Anamanga chikwama changa panjinga, n'kundipereka kwa amayi abusa, kumene ndikukhala tsopano. Katundu wa ku Entre Lagos azakhali akusenza okha. Dzana ndinawaona akutsika chapa, minibasi ija, thumba pamutu, mwana kumsana, thukuta lili kamukamu. Ndinali nditavala yunifolomu. Ndinawapatsa moni mwaulemu, mokweza, kuti andione bwino.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza aphunzitsi amene anandipatsa mpata wolankhula. Abusa, ndikudziwa mundiuza za kukhululuka. Mundipempherere, mtima wanga sunafike pamenepo. Koma lero, abale, imirirani, amayi lululutirani mokweza, mukondwere nane. Lolemba ndikupita kusukulu, ndipo mpando wanga uli bwinobwino. Amen!