Kompyuta ya malemu sichoka pakhomo pano

Linali Lachiwiri, 9 koloko m'mawa, pamene achibale ankatulutsa katundu m'nyumba kuti obwera pa maliro a amuna anga apeze pokhala. Wina anazula chingwe cha kompyuta ya amuna angawo. Malemuwo anali mphunzitsi kuno ku Nsaru, ndipo kompyutayo ndi imene inkaonetsa tsamba la kwaya yathu pa intaneti, pomwe anthu ankamvera nyimbo zimene iwo ankatsogolera. Kuyambira tsiku limenelo tsambalo silitseguka.

Patapita sabata ziwiri, alamu anga anabwera ndi bambo wina wokonza makompyuta wa ku Msundwe. Bamboyo anakhala pa kompyutayo mpaka masana, akungopukusa mutu.

"Mayi, muno muli mapulogalamu atatu aulere," anatero. "Ina imalandira alendo, ina imasunga nyimbo, ina imalumikiza ziwirizi. Ndaikamo imodzi yatsopano, ndiye enawo akukana kugwirizana nayo."

"Nanga mwaikiranji yatsopano, pamene akalewo ankamvana?"

Anangoti apite nayo kutauni, akafufute zonse n'kuyambiranso. Alamu anavomera bamboyo asanamalize n'komwe kulankhula.

"Alamu, chitsulo chimenechi mudzachita nacho chiyani inu?" anandifunsa alamu angawo.

Omvera anzanga, sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndipo mwina bamboyo ankanena zoona. Koma njinga ya malemu nayonso inapita kukakonzedwa, mpaka lero sinabwere. Njinga ndiiwala. Mawu a amuna anga akuimba kulibe kwina kumene ndingawapeze.

Ndinakana. Kompyutayo ili kuchipinda kwanga, ndinaifunditsa chitenje. Aliyense wofuna kuikonza amakonzera pakhomo pano, ine nditakhala pambali pake, ndipo safufuta kanthu.