Kompyuta Imene Inkataya Mtima Msanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine amai Daka a ku Nyimba, ndipo lelo ndikumbuke nanu chaka chimene nchito inatsala pang'ono kundipulumuka.

Masiku amenewo ndinali kalaliki pa kachipatala kena ka mishoni. Tinali ndi kompyuta imodzi ya chimutu ngati mbiya, ndi kabokosi kotchedwa modemu kamene kankaimba foni ku Lusaka potumiza oda ya mankhwala. Kankalila ngati nyenje, ndipo kulila kumeneko ndimakusowa mpaka pano.

Itatha mvula yamphamvu ya chaka chimenecho, kanayamba khalidwe lachilendo: kuimba, kulila pang'ono, n'kudula. Masabata atatu oda osapita. Akuluakulu anati ndaononga ndine, ndipo likafika Lachisanu zisanatheke ndikapume kunyumba. Zinandiwawa, abale. Ndinali wamasiye wa ana atatu, ndipo ndinapemphela mpaka mawu kutha.

Lachinayi kunabwela amai Mwanza, ogulitsa nthochi, amene pa utsikana wawo ankalumikiza mafoni ku positi ya ku Petauke. Kompyuta sanaikhudzepo chibadwile. Anatula dengu n'kutchela khutu ine ndikuyesanso.

"Amai Daka, chinthu chanuchi chilibe ulemu," anatelo. "Chikugogoda n'kuthawa mwininyumba asanafike pachitseko. Chigwele mitengo ya mawaya a foni ndi mvula ija, foni ya ku Lusaka ikuzungulila kutali, ndiye ikuchedwa kufika. Chiuzeni chizidikila."

Ndinatsegula pulogalamu yoimbila foni ya m'kompyutamo, n'kumawelenga mzele ndi mzele, buku lake lili pambali. Ndinapeza pamene anailamula kuti pakatha masekondi 30 popanda yankho izidula. Ndinafufuta n'kulemba 90.

Tinayesanso. Modemu inalila, inafika paja inkalekela, koma inapitiliza. Kenako makina a ku Lusaka anayankha, oda n'kupita. Ine ndinagwada pasimenti pomwepo misozi ili chuchuchu. Amai Mwanza amvekele, "Nanga nthochizi mugula, kapena ndayendela ulele?"

Ndinagwila nchito pamenepo mpaka kupuma. Kompyuta ija inatayidwa kalekale, amai Mwanza nawo anatsogola, koma sindileka kuyamika Mulungu amene ananditumizila thandizo litasenza dengu.

Inu amene mwagogoda mpaka kutopa, musadule msanga. Masabata atatu onse aja Lusaka ankayankha ndithu, kungoti ife tinkakhala titadula kale.