Khola Silikuoneka

Pa doko la Den Helder, mlimi wina wa ku chilumba cha Texel ankadikira sitima yapamadzi, tabuleti ili m'manja. Pa benchi lomwelo panali mtsikana wodikira basi.

"Mwanawe, taona kuno," anatero mlimiyo. "Nkhosa yanga ikubereka, koma kamera ya m'khola sikuonetsa kanthu."

"Mwayesa kuithimitsa n'kuiyatsanso?"

"Ndayesa. Ndaigwedezanso."

"Si wailesi yakale iyi, bambo. Tabweretsani. Aa, yakakamira waifai ya mu lesitilanti uko, komwe mwachoka kalekale."

"Kukhulupirika ngati galu."

"Ndaichotsako. Ndikugawirani intaneti ya pa foni yanga, koma tikatalikirana iduka. Lembani mawu achinsinsi awa."

"Sindisuntha. Nkhosayi ikubereka koyamba. Ikavutika ndiimbira mnansi wanga athamangireko."

"Yakana. Mukudina zilembo ziwiri nthawi imodzi."

"Zala za mlimi izi. Ndilembanso mpaka itheke. Eya, si ilo khola! Kamwana kamodzi kabadwa kale, ikukanyambita."

"Nanga ikubuuliranji?"

"Muli kena m'mimba. Mwanawe, basi yako ija ikutseka zitseko."

"Ipite, ibwera ina. Ndikachoka pano iduka. Tasendezani tabuletiyo, nanenso ndione."