Injini ya Galimoto ya Tauqir

Pamsika wa mainjini akale ku Lahore, bambo Shafqat ankaonetsa munthu amene anangokumana naye pomwera tiyi chithunzi cha galimoto yofiira, yopangidwa motengera za mpikisano, imene ankaifunira injini yofatsa.

"Yokongola chonchi, madala, ikanimo injini yolusa! Yofatsa ya chiyani?"

"Yolusa imawira mukamayenda pang'onopang'ono. Iyi idzanyamula mkwati, kumbuyo kwa oimba ng'oma. Munaonapo oimba ng'oma akuthamanga?"

"Ndiye mukuichititsa manyazitu. Anaipanga ndani?"

"Mwana wanga Tauqir, ndi manja ake, zaka zinayi. Ankati mng'ono wake adzakwere pa ukwati."

"Kamufunseni mwiniwakeyo, akakuuzani zomwezi."

"Akanatero ndithu, ankazikonda zolusazo. Tinakamutola pamsewu wa ku Multan chaka chatha. Wanditsalira mmodzi, achimwene. Ndikufuna yofatsa."