Galimoto Yoyera ku Chikale

Pamzere wodikira Ilala padoko la Nkhata Bay, mayi wosenza dengu la usipa anakodola bambo wachipewa yemwe anali patsogolo pake.

"Ada, mwawaona a bungwe akuzungulira ku Chikale aja? Akuti akufufuza matenda a maganizo asanakule."

"Ndawaona, ama. Ndamva kuti ndalama zake apereka ndi anthu akufuna kwabwino."

"Kwabwino kwa ndani? Malungo atha kuti ayambe kusaka misala mwa anthu abwinobwino? Anandifunsa ngati mwana wanga amamva mawu a anthu osaoneka. Ine ndinati kwathu kuno zimenezo ndi vimbuza, timaimbira ng'oma."

"Ndiye anachira?"

"Ng'oma zalira kawiri konse, koma akuyankhulabe yekha."

"Nanga bwanji osawalola amuone?"

"Galimoto yawo yoyera ija iime pakhomo panga, Chikale yense adziwe? Mwezi wamawa akuchimuna akubwera kudzalowola mng'ono wake. Adzati n'zakumtundu, ukwati n'kuthera pomwepo."

"Mwana wa mchemwali wanga ankadwala zomwezo, koma a bungwewo sanamutsate kunyumba ayi. Mayi ake anapita naye okha kuchipatala Lachiwiri, tsiku lomwe amaona odwala otere."

Mayiyo anatula dengu, nayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Lachiwiri, eti? Nanga polowa, khomo lake ndi lakumaso kapena lakuseri?"