Chizungulire cha Pamphumi

Mwana wawo atanena kuti pa ukwati wake adzafika atakwera kavalo, bambo a mkwatibwi sanatsutse, anangoti kavaloyo akasankha okha. Ndiye anavala jekete ndi chipewa n'kupita kukhola komwe mlamu wawo ankasamalira akavalo, atanyamula nzeru imodzi yomwe anaitola pa wailesi: yakuti khalidwe la kavalo limadziwika ndi pomwe ubweya wake umazungulira pamphumi.

"Alamu, ndionetseni akavalo achizungulire."

"Tilibe," anatero mlamuyo, akuwola ndowe ndi fosholo. "Onse ali bwinobwino. Adokotala anabwera sabata yatha."

"Sindikunena matenda. Chizungulire cha pamphumi."

"Chimayambira m'mutu chimene chija, osati pamphumi."

Bambowo anapumira m'mwamba. Mlamu wawoyu ankamudziwa, ukamutuma madzi amafunsa ngati abweretse ndi kapu yomwe.

"Ubweya, alamu. Pomwe umapota ngati madzi akulowa mu sinki. Chikakhala pamwamba pa maso, kavaloyo ndi wamtima wapachala. Chikakhala m'munsi, ndi wofatsa."

"Oho, mukufuna wofatsa." Anatsamiritsa fosholo kukhoma. "Ndi uyu. Timamutchula kuti Abusa. Amamukwera ana a sukulu ya mkaka. Tsiku lina anagona mwana ali pamsana."

"Anagona ndani?"

"Onse awiri."

Bambowo anavala magalasi, n'kukweza tsitsi lapamphumi pa Abusa ndi chala chimodzi. Kavaloyo anayasamula.

"Chili pamwamba. Uyu ndi chigawenga."

"Wakalambira muno, sanalumepo munthu."

"Akudikira ukwati."

Mlamuyo anakanda kumutu. "Nditenge chipeso ndichitsitseko?"

"Khalidwe sapesa."

"Nanga ndimete?"

"Mukameta mwangobisa umboni. Tiyeni kwa wina."

Anayenda mpaka kumapeto kwa khola, komwe kunali chitseko chokhomedwa matabwa atsopano pamwamba pa akale. Mkatimo munaima kavalo wakuda, akuwayang'ana ndi diso limodzi. Bambowo anasuzumira, nkhope yawo n'kuwala.

"Mwaona? M'munsi mwenimweni. Mwana wanga akwera uyu. Dzina lake?"

"Chipatala."

"Bwanji Chipatala?"

"N'komwe amapita omukwera."

"Nsanje za anthu basi."

"Anathyola nthiti za mphunzitsi wathu."

"Mwina vuto linali la mphunzitsiyo. Iyeyo analibe chizungulire?"

"Atagwa anali nacho."

Bambowo anayang'ananso matabwa aja. Mwana wamkazi anali naye mmodzi yekha. Koma nkhani ya ubweyayi anali ataifotokoza kale kwa mayi akunyumba, kwa asewere awo ndi kwa komiti yonse ya ukwati, moti kubwerera atasankha kavalo wogona kukanakhala kudzivula.

"Alamu," anatero mlamuyo, "mkwatibwiyu ndi mwana wa achemwali anga. Chisoti choteteza mutu achivale pamwamba pa velo kapena pansi?"

"Savala chisoti. Tsegulani, ndikuonetseni."

"Nditsegule chonse?"

"Chigawo chapamwamba chokhachi."

Anatsegula, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kukaima pafupi ndi fosholo yake. Chipatala anatulutsa mutu, makutu atagona chagada.

"Taonani ulemu wake," anatero bambowo. "Mpaka kutsitsa makutu."

"Amatero akafuna kuyamba."

"Kuyamba chiyani?"

Kavaloyo anatambasula khosi, n'kuchotsa chipewa cha bambowo ndi mano. Anachitafuna mosafulumira, n'kuchilavulira m'chidebe cha madzi. Kenako anatsitsa mphuno pa dazi lawo, lomwe linali kung'anima kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, n'kuyamba kulinunkhiza mbali ndi mbali. Bambowo anauma ngati mzati. Mpweya wotentha unkawatsikira m'kolala.

"Alamu," ananong'ona, osagwedeza mutu. "Akutani?"

Mlamuyo anapendeka khosi, n'kuyang'anitsitsa ndithu.

"Akuoneka ngati akufuna chizungulire chanu."

"Ndiye?"

"Sakuchipeza."

"Akapanda kuchipeza amatani?"

"Sindikudziwa. Wadazi sanafikepo pafupi chonchi."

Mano a Chipatala anagunda pang'ono pamwamba pa khutu lawo. Bambowo anatsinzina.

"Alamu, tamuuzani mnzanuyu kuti za ubweyazi n'zabodza."